Ichotsedwe kapena itsale? Ndulu ya munthu wochitidwa opaleshoni yochepetsa thupi

Dokotala akalowetsa kamera m'mimba mwa munthu wonenepa kwambiri kuti amuchepetse chifu, ndulu imakhala ili pomwepo, chakumanja, kunsi kwa chiwindi. Amaiona bwinobwino pa sikirini. Amadziwanso kuti m'miyezi ikubwerayo, wodwalayo akamadzasangalala kuti zovala zayamba kukhwepa, kathumba kameneka kakhoza kudzakhala kakuumba miyala mwakachetechete. Ndiye popeza walowa kale, bwanji osangokachotseratu? Funsoli lazunguza madokotala kwa zaka zoposa 30, ndipo yankho lake lakhala likusintha.

Aliyense amene anatumbulapo nkhuku amaidziwa ndulu. Ndi kathumba kobiriwira kaja komamatira ku chiwindi, kamene timadula mosamala poopa kuti kakaphulika ndiwo yonse iwawa. Mwa munthu kamakhala pamalo omwewo, ndipo kamasunga madzi okwana mamililita 50 kapena kucheperapo. Madziwo sapangidwira m'kathumbamo. Amachokera m'chiwindi, theka la lita kapena kuposerapo tsiku lililonse, ndipo ntchito yake ndi kuphwanya mafuta a m'chakudya kuti matumbo athe kuwayamwa. Munthu akadya chonona, matumbo amatumiza uthenga kudzera m'timadzi totchedwa cholecystokinin, kathumbako n'kudzifinya, madzi a ndulu n'kutsikira m'matumbo. Amadutsa m'kanjira kopyapyala kamene kumapeto kwake kamakumana ndi kanjira kochokera ku kapamba. Mavuto oopsa kwambiri a nkhani yonseyi amayambira pa mphambano imeneyo.

M'madzi a ndulu muli mafuta a kolesitolo, amene paokha sasungunuka. Amagwiridwa ndi mchere wa ndulu pamodzi ndi mafuta ena otchedwa lecithin. Kolesitolo akachuluka kuposa zomugwirazo, zimachitika zimene zimachitikira shuga wothira mopyola mu tiyi: wina amakana kusungunuka, n'kudikha pansi. Poyamba pamakhala matope, kenako timchenga, pomaliza miyala. Ina imakula mpaka masentimita angapo, koma yovuta kwambiri ndi ing'onoing'ono, chifukwa ndi imene imatha kutuluka m'kathumba n'kukatseka njira.

Ku Europe ndi ku America, anthu akuluakulu 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse ali ndi miyala imeneyi, ndipo pafupifupi 80 pa 100 a iwo sadziwa n'komwe. Imangokhala phee. Chaka chilichonse ndi ochepa chabe, mmodzi kapena awiri kapena kuposerapo pang'ono pa 100, amene imayamba kuwapweteka. N'chifukwa chake lamulo la madokotala kwa munthu wamba n'lakuti mwala wosapweteka usauputa.

Kunenepa kumasokoneza chiwerengerochi. Thupi lamafuta ambiri limachititsa chiwindi kupanga kolesitolo wochuluka, ndipo wambiri amathera m'ndulu. Kafukufuku wamkulu wa manesi a ku America, Nurses' Health Study, anasonyeza mu 1992 kuti amayi a BMI yoposa 45 ankadwala miyala ya m'ndulu kuwirikiza ka 7 poyerekeza ndi a BMI yochepera 24. BMI ndi nambala imene imapezeka pogawa makilogalamu a munthu ndi msinkhu wake wa m'mamita wochulukitsidwa ndi womwewo. Mayi wa msinkhu wa mamita 1.6 wolemera makilogalamu 120 ali ndi BMI pafupifupi 47. Amayi ndiwo amavutika kwambiri chifukwa cha mahomoni achikazi ndi kutenga mimba, ndipo ndi amayinso amene amachuluka pa mzere wa opaleshoni yochepetsa thupi. Motero pafupifupi munthu mmodzi pa asanu aliwonse amafika kwa dokotala ali nayo kale miyala.

Munthu angaganize kuti thupi likatsika vutoli litha. Limathadi, koma patsogolo. Poyamba limakula. Thupi likamasungunula mafuta ake mofulumira, kolesitolo amene anali m'mafutawo amakhamukira ku chiwindi, n'kutsikira m'ndulu. Nthawi yomweyo munthuyo akudya pang'ono kwambiri, masabata oyamba akungomwa zamadzimadzi zopanda mafuta, ndiye kathumbako sikalandira uthenga woti kadzifinye. Madzi olemera ndi kolesitolo amangokhala osayenda, ndipo khoma la kathumbako limatulutsa tonanda tochuluka timene timamata timchenga tija pamodzi. Ofufuza anaona kuti ngozi imakwera kwambiri munthu akamataya makilogalamu oposa 1.5 pa sabata. Wochitidwa opaleshoni amapitirira pamenepo mosavuta m'miyezi yoyambirira. Ku Richmond, m'chigawo cha Virginia, Mitchell Shiffman ndi anzake anatsatira odwala otere ndi sikani, ndipo mu 1991 analengeza kuti 36 pa 100 anali ataumba miyala yatsopano pomatha miyezi 6. Thupi likakhazikika, pakatha chaka ndi theka kapena ziwiri, ngoziyo imatsika.

Zimenezi si za mpeni wokha. Amene akuchepetsa thupi ndi jakisoni wa semaglutide, wogulitsidwa ndi maina a Wegovy ndi Ozempic, nawonso amakumana nazo. Pa kafukufuku wa STEP 1 wa mu 2021, matenda a ndulu anagwira 2.6 pa 100 a olandira mankhwalawo, poyerekeza ndi 1.2 pa 100 a olandira jakisoni wopanda mankhwala. Ndi ochepa kuposa a opaleshoni, koma njira yake ndi yofanana.

Maopaleshoni ofala masiku ano ndi awiri, ndipo kusiyana kwawo ndiko kumalamulira zambiri za ndulu. Pa sleeve gastrectomy, dokotala amadula n'kutaya gawo lalikulu la chifu, pafupifupi magawo anayi mwa asanu, n'kusiya chifu chopyapyala chotalika. Chakudya chimayendabe njira yake yakale. Pa gastric bypass ya mtundu wa Roux-en-Y, amadula kathumba kakang'ono pamwamba pa chifu, ka mamililita pafupifupi 30, n'kukalumikiza ku matumbo akutsogolo. Chifu chotsalacho sachichotsa, koma chakudya sichidutsamonso, ndipo sichidutsanso m'chigawo choyamba cha matumbo, kumene kuli khomo lolowera madzi a ndulu. Malamulo a mu 1991 a National Institutes of Health ku America ankalola opaleshoni kwa a BMI ya 40, kapena 35 ngati ali ndi matenda monga shuga. Mu 2022 mabungwe a ASMBS ndi IFSO anatsitsa malirewo kufika pa 35, kapena 30 kwa amene ali ndi shuga ndi matenda ofanana nawo. Anthu oyenera opaleshoni achuluka, ndipo ndulu zofunika kuziganizira zachulukanso.

Kale yankho linali losavuta. Edward Mason atayamba gastric bypass ku University of Iowa m'ma 1960, opaleshoni inali yong'amba mimba, bala lalitali lodutsa m'mafuta ochindikala. Mabala otere ankachedwa kupola, ankatukusira, ndipo nthawi zambiri ankasiya chophukacho. Palibe dokotala amene ankafuna kudzang'ambanso pomwepo patangotha chaka chifukwa cha ndulu. Kuchotsa ndulu kunali kodziwika kale, popeza Carl Langenbuch anakuchita koyamba ku Berlin mu 1882, ndipo mimba ikakhala yotsegula dzanja limafika paliponse. Ambiri ankangoichotseratu, yodwala ndi yabwino yomwe.

Zinasintha ndi opaleshoni ya timabowo. Erich Mühe anachotsa ndulu mwa njira imeneyi ku Böblingen, ku Germany, mu 1985, ndipo Alan Wittgrove ndi Wesley Clark a ku San Diego analengeza za gastric bypass ya timabowo mu 1994. Apa masamu anatembenuka. Timabowo tolowetsera zida pochepetsa chifu timaikidwa moloza kumtunda chakumanzere, pamene ndulu ili kumanja, itabisala pansi pa chiwindi chachikulu, cholemera ndi mafuta, chosachedwa kutuluka magazi chikakhudzidwa. Kuifikira kumafuna bowo lina ndi nthawi ina, munthu wovuta kupuma ali chigonere pa mankhwala ogonetsa. Komanso opaleshoni yachiwiri sinalinso yoopsa monga kale: timabowo tinayi pa munthu amene wataya kale makilogalamu 30 kapena 40, tsiku limodzi kapena awiri m'chipatala. Ku America, mwa ochitidwa gastric bypass, ochotsedwanso ndulu nthawi yomweyo anatsika kuchoka pa 26 pa 100 mu 2001 kufika pochepera 4 pa 100 mu 2008.

Chimene chinatseka mkanganowo kwa ambiri ndi kusiyana kwa kukhala ndi miyala ndi kudwala nayo. Mu 2013 René Warschkow ndi anzake a ku Switzerland anasonkhanitsa zotsatira za odwala oposa 6,000 amene anachitidwa bypass ndulu yawo n'kusiyidwa. Amene anadzafunika kuichotsa pambuyo pake anali 6.8 pa 100. Kuchotseratu aliyense ndiye kuti kudula ndulu 100 pofuna kupeputsira anthu 7, ena 93 n'kusenza ngozi yopanda phindu. Ngoziyo si yongopeka. Pa maopaleshoni 1,000 ochotsa ndulu, atatu mpaka asanu amavulaza njira yaikulu ya ndulu, ndipo kuvulala kumeneku kumatha kumusautsa munthu moyo wake wonse. Ena akachotsedwa ndulu amatsegula m'mimba kawirikawiri, chinthu chimene wa bypass amalimbana nacho kale.

Komabe a ku Sweden anaponyapo mwala wawo. Kumeneko pafupifupi opaleshoni iliyonse yochepetsa thupi imalembedwa m'kaundula wa SOReg, ndipo yochotsa ndulu m'kaundula wa GallRiks. Viktor Wanjura ndi anzake ataphatikiza makaundula awiriwa, anapeza mu 2018 kuti kuchita zonse ziwiri nthawi imodzi kumawonjezera mavuto ndipo kumatalikitsa opaleshoni ndi pafupifupi ola lathunthu. Izi zinagwirizana ndi zimene ena ananena. Koma anapezanso kuti kuchotsa ndulu bypass itachitika kale kunali ndi mavuto ochuluka kuposa kuichotsa bypass isanachitike. Choncho mawu akuti "tidzaichotsa ikadzavuta, n'zosavuta" ali ndi malire ake.

Ndiye m'chipinda cha dokotala mumalowa anthu a mitundu itatu.

Woyamba ndi amene miyala yamuvutitsapo kale. Akafunsidwa amaloza pansi pa nthiti zakumanja kapena pachifuwa penipeni, n'kunena kuti, "Adokotala, zimandigwira usiku ndikadya zokazinga, mpaka kumsana kuno, pansi pa phewa. Ndimachita kusowa pogona." Ululu wake sukhala wa kamphindi. Umakwera n'kukhazikika kwa theka la ola kapena maola angapo, nthawi zina ndi kusanza, kenako n'kuzimiririka. Pa munthu uyu madokotala satsutsana kwenikweni: ndulu ichoke. Chotsala ndi nthawi yake. Ena amaichotsa pa opaleshoni yomweyo kuti munthu agonekedwe kamodzi, ena amayamba ndi ndulu n'kudikira masabata kapena miyezi ingapo. Zotsatira za ku Sweden zimakomera kuyamba ndi ndulu, makamaka ngati opaleshoni yotsatira ndi bypass. Ngati ndulu inatupapo posachedwa, kapena mwala unatsekapo njira, kuphatikiza ntchito ziwirizi n'kudziputira.

Wachiwiri ndi amene sikani yamupeza ndi miyala koma sanamvepo kanthu. Uyu ndiye wovuta. Malangizo a mu 2016 a European Association for the Study of the Liver salimbikitsa kuchotsa ndulu mwachizolowezi pa opaleshoni yochepetsa thupi, ndipo zipatala zambiri zimaisiya miyala yotere. Ambiri mwa anthuwa amakhaladi osavutika. Zipatala zina zinafika poleka kujambula ndulu opaleshoni isanachitike, ponena kuti ngati zimene tipeze sizisintha zochita zathu, tijambuliranji? Amawonjezeranso kuti sikani siona bwino podutsa m'mafuta ochindikala, ndipo imaphonya miyala ina. Ine mfundo imeneyi sindigwirizana nayo. Sikani ndi yotsika mtengo, siipweteka, ndipo imayankha mafunso awiri amene amadzafunika: ngati mankhwala oteteza angamuthandize munthuyu, ndiponso ngati bypass ndi yomuyenera kuposa sleeve.

Wachitatu alibe mwala ngakhale umodzi. Kwa iye nkhani ndi yoteteza, ndipo mankhwala alipo. Ursodeoxycholic acid ndi mtundu wa mchere wa ndulu umene unapezeka koyamba m'ndulu ya chimbalangondo, koma lero umapangidwa m'fakitale. Umachepetsa kolesitolo wolowa m'madzi a ndulu, motero timchenga sitiyamba msanga. Kafukufuku amene anautchukitsa ndi wa Harvey Sugerman ndi anzake, wa mu 1995. Odwala 233 a bypass anagawidwa m'magulu anayi kwa miyezi 6. Mwa omwa mapiritsi opanda mankhwala, 32 pa 100 anaumba miyala. Mwa omwa mamiligalamu 300 pa tsiku anali 13, mwa omwa 600 anali awiri okha, ndipo mwa omwa 1,200 anali 6. Kuchoka pa 32 kufika pa 2 si nkhani yamasewera, ndipo mlingo wa 500 mpaka 600 pa tsiku kwa miyezi 6 unakhazikika kuyambira pamenepo.

Koma Sugerman ankawerenga miyala yooneka pa sikani, osati anthu odwala. Funso lenileni, loti kodi mankhwalawa amachepetsa ululu ndi maopaleshoni, linadikira zaka 26. Kafukufuku wa UPGRADE wa ku Netherlands, amene Sylke Haal ndi anzake anafalitsa mu 2021, anatenga odwala pafupifupi 1,000, ochuluka kwambiri a bypass. Theka linamwa mamiligalamu 900 pa tsiku kwa miyezi 6, theka linamwa mapiritsi opanda kanthu, ndipo onse anatsatiridwa zaka ziwiri. Odwala ndi miyala anali 6.5 pa 100 kwa omwa mankhwala ndi 9.7 pa 100 kwa enawo. Kusiyanako kulipo, koma pa masamu a ofufuza sikunafike poti n'kulumbirira kuti si mwayi chabe. Atawagawa odwalawo, chithunzi chinaoneka bwino: amene analibe miyala poyamba anathandizidwa ndithu, pamene amene anali nayo kale sanapindule. Apa ndi pamene sikani ija imalipira. Popanda iyo, dokotala amapereka mankhwala a miyezi 6 kwa munthu mmodzi pa asanu amene sangamuthandize.

Pali china chimene ziwerengero sizionetsa. Tangoganizani tebulo la pambali pa bedi la mayi amene wangotuluka m'chipatala sabata yatha. Pali mavitamini, calcium, ayironi, mankhwala oteteza zilonda za m'chifu, mwinanso jakisoni woletsa magazi kuundana. Chifu chake chikulandira masipuni ochepa nthawi imodzi, madzi akumwa modontheza tsiku lonse, ndipo fungo la chakudya likumuchititsa nseru. Pamenepo tikuwonjezerapo kapisozi wamkulu, kawiri pa tsiku. Ena amamutsegula m'mimba. Ambiri amasiyira panjira, ndipo saulula pokhapokha atafunsidwa mwaulemu. Dokotala wanzeru safunsa kuti, "Mukumwa mankhwala aja?" chifukwa yankho limakhala eya nthawi zonse. Amafunsa kuti, "Mayi, pa mankhwala onsewa, ndi ati amene akukuvutani kumeza?" Akadziwa, akhoza kusintha n'kupereka amadzi kapena mapiritsi ang'onoang'ono kumene amapezeka.

Chakudya nachonso chili ndi mbali yake, ngakhale yaing'ono. Munthu wofunitsitsa kuonda amathawa mafuta onse, osadziwa kuti akugoneka ndulu yake. Kafukufuku wa anthu ochepetsa thupi ndi zakudya zochepa kwambiri anasonyeza kuti mafuta pang'ono, magalamu 7 mpaka 10 pa tsiku, amathandiza kathumbako kudzifinya ndipo miyala imachepa. Dzira limodzi ndi kachidutswa ka peyala zafika kale pamenepo. Za kumwa kapu ya mafuta a olivi osakaniza ndi mandimu kuti "mutsuke ndulu" zisiyeni. Timibulu tobiriwira timene timatuluka m'chimbudzi m'mawa mwake anatiyeza, ndipo anapeza kuti ndi mafuta omwewo ataundana m'matumbo. Kwa munthu wa chifu chongosokedwa kumene, kapu ya mafuta ndi chilango chabe.

Tsopano tibwerere ku mphambano ija. Mwala waung'ono ukatuluka m'kathumba n'kukakamira m'njira yaikulu, madzi a ndulu amabwerera m'magazi. Maso amachita chikasu, mkodzo umada, chimbudzi chimayera. Tizilombo tikalowa m'madzi otsekeredwawo, munthu amatentha thupi n'kumanjenjemera, ndipo akhoza kufa m'masiku ochepa. Mwalawo ukatseka kumapeto kwenikweni, umayambitsa kutupa kwa kapamba. Kwa munthu wamba chithandizo chake n'chodziwika, chimatchedwa ERCP: dokotala amalowetsa paipi ya kamera kukamwa, kudutsa m'chifu, kufika pa khomo la ndulu, n'kukoka mwalawo popanda kung'amba paliponse. Wa sleeve amathandizidwa chimodzimodzi, chifukwa njira yake ilipobe.

Wa bypass njira imeneyo inatsekedwa. Paipi ikalowa kukamwa imagwera m'kathumba kakang'ono kaja, kenako m'matumbo. Kuti ifike pa khomo la ndulu iyenera kutsika mtunda wa mita kapena kuposerapo, kukhota pa mphambano yosokedwa, n'kukweranso chobwerera, ndipo ikafika imalipeza khomolo mozondoka. Pali mapaipi aatali okhala ndi chibaluni opangidwira ulendo wotere, koma amalephera kawirikawiri. Njira yodalirika kwambiri ndi yogwirizana madokotala awiri m'chipinda cha opaleshoni: wina amaboola mimba n'kutsegula kabowo m'chifu chakale chija, mnzake n'kulowetsa paipi ya ERCP pamenepo. Njira ina yatsopano, yotchedwa EDGE, imalumikiza kathumba kakang'ono ndi chifu chakale ndi kapaipi kachitsulo kongoyembekezera, kuti kamera idutse. Enanso amabaya kudzera pachiwindi, kapena dokotala wa opaleshoni amatsegula yekha njira ya nduluyo. Zonsezi zimatheka, koma zimafuna zida ndi anthu amene sapezeka m'chipatala chilichonse, ngakhale ku Europe.

Mwayi wake, anthu a bypass amene mwala umawatsekera njira yaikulu ndi ochepa kwambiri. Tsoka lake, amene zawagwera zimawagwera mwadzidzidzi, nthawi zambiri usiku.

Apa ndi pamene ndikuona kuti malangizo olembedwa ku Amsterdam kapena ku Stockholm ayenera kuwerengedwa ndi maso awiri. Akamati siyani miyala yosapweteka, akulankhula za wodwala amene ali pafupi ndi chipatala chodziwa kuchita ERCP kwa munthu wa bypass. Koma anthu ambiri masiku ano amachitidwa opaleshoni imeneyi kutali ndi kwawo. A ku Britain amakwera ndege kupita ku Turkey pothawa mzere wautali ndi mitengo. A kuno kwathu amene ali ndi ndalama amayang'ana ku South Africa kapena ku India. Amakhalako sabata imodzi kapena ziwiri, n'kubwerera, ndipo miyezi yoopsa ija, kuyambira wachitatu mpaka chaka ndi theka, imawapeza ali kunyumba. Kwa munthu wotere amene ali kale ndi timiyala ting'onoting'ono tambiri, kuchotsa ndulu bypass isanachitike, kapena kusankha sleeve ngati matenda ake ena akulola, si mantha opanda pake. Sleeve ili ndi zovuta zake, makamaka kutentha pamtima kobwera ndi asidi wobwerera kukhosi, ndipo pa matenda a shuga bypass imagwira ntchito kwambiri. Ndulu siingakhale yokha yosankhitsa opaleshoni. Koma iyenera kukhala nawo pa zokambirana, pamodzi ndi funso loti wodwalayo azikakhala kuti.

Kuno kulinso msampha wina. Munthu akafika kuchipatala akutentha thupi, akunjenjemera, maso ali achikasu, maganizo oyamba amapita ku malungo kapena ku matenda a chiwindi, ndipo nthawi zambiri n'zoonadi. Timabala ta opaleshoni ya timabowo n'tating'ono, sitioneka msanga, ndipo ena amabisa kuti anachitidwa opaleshoni poopa kunenedwa kuti anaonda mwachinyengo. Kubisako kukhoza kudya masiku awiri amene njira ya ndulu inafunika kutsegulidwa. Wobwera kuchokera kunja ayenera kukhala ndi pepala lofotokoza mtundu wa opaleshoni, tsiku lake, kutalika kwa matumbo amene analambalalidwa, ndi zimene sikani ya ndulu inaonetsa. Mawu akuti "anandichepetsa chifu" samuuza dokotala ngati paipi ya ERCP ingadutse kapena ayi.

Msampha wotsiriza ndi wotembenuka. Munthu wa bypass akamva kupweteka m'mimba, sikani n'kupeza miyala, n'kosavuta kunena kuti wolakwa wapezeka. Koma tanena kale kuti mmodzi pa atatu aliwonse amakhala nayo miyalayo, ambiri osavutika nayo. Ululuwo ukhoza kukhala wa chilonda pamsoko wa kathumba ka chifu ndi matumbo, makamaka kwa osuta fodya ndi okonda kumwa mankhwala monga ibuprofen ndi diclofenac. Ukhoza kukhala wa kudya mofulumira kapena kudya zotsekemera. Choopsa kwambiri n'chakuti matumbo akhoza kulowa m'mpata umene unatsala pamene ankawasuntha, n'kupotokola. Mpatawo umakula mafuta akamasungunuka, choncho vutoli limabwera nyengo yofanana ndi ya miyala, ndipo likachedwa matumbo amafa. Pamafunika sikani ya CT, nthawi zina kuyang'ana m'chifu ndi kamera, munthu asanaloze chala ndulu. Alipo amene anachotsedwa ndulu ululu n'kutsala pomwepo.

Amayi achitsikana ali ndi chowonjezera. Thupi likatsika, kubereka kumabwerera msanga, ngakhale kwa amene anakhala zaka osatenga mimba. Madokotala amalangiza kudikira miyezi 12 mpaka 18. Chifukwa chachikulu ndi chakudya cha mwana, koma ndulu ilinso m'gulu: mimba payokha imachulukitsa kolesitolo m'madzi a ndulu ndi kufooketsa kathumbako, ndiye kuiphatikiza ndi kuonda kofulumira n'kuwirikiza ngozi pa nthawi imene opaleshoni ndi ma X-ray zili zovuta.

Tsiku loti ndulu ya munthu wa bypass ichoke likafika, ntchitoyo siyenera kuchitidwa ngati ya wina aliyense. Magazi amayezedwa kaye kuti aone ngati chiwindi chikusonyeza kutsekeka, ndipo ngati pali chikayikiro amajambula njira za ndulu ndi MRI. M'kati mwa opaleshoni, madokotala ambiri amathira mankhwala ooneka pa X-ray m'kanjira ka ndulu kuti atsimikize kuti m'njira yaikulu simunatsale mwala, ndipo akaupeza amauchotsa pomwepo, wodwala asanadzuke. Kwa munthu wamba mwala wotsalira ndi ERCP ya theka la ola sabata yotsatira. Kwa wa bypass ndi opaleshoni yachitatu. Ali m'katimo, dokotala amakwezanso matumbo n'kuyang'ana mipata ija, ndipo akaipeza yotseguka amaisoka.